Kalata Yotseguka: Nzeru za Chivomerezi Zifike M'manja mwa Amisiri Omanga Nyumba

Kwa a Komishonala a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, Olemekezeka a Nduna yoona za malo ndi nyumba, Olemekezeka a Nduna ya Maphunziro, a Meya ndi makhansala a mzinda wa Lilongwe, komanso aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo.

Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni mwaulemu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndipo ndagwira njerwa kwa zaka zoposa 25. Sindine injiniya, ku yunivesite sindinapondeko. Ndalemba poyera chifukwa nkhani ndadza nayoyi ikukhudza aliyense amene agone pansi pa denga usiku uno, ndipo ndikufuna amisiri anzanga, makolo ndi aphunzitsi amve nawo zimene ndikukupemphani.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi. Miyezi iwiri yapitayo ndinapeza ntchito yomanga buloko ya makalasi atatu pa sukulu ina yomwe si ya boma, chakunja kwa mzindawu. Khoma litafika pamwamba pa mawindo, ndinafunsa kontilakitala kuti zitsulo za ring beam, lamba wa konkire womanga makoma onse pamwamba, zibwera liti. Anandiyankha kuti ring beam sikhalapo, tingoika malintala pa mawindo ndi pa zitseko, kenako tikweze khoma mpaka pa denga. Gebulo, khoma losongoka lija la pansi pa denga, anati akhale wa njerwa imodzi. Thumba limodzi la simenti tinkalisakaniza ndi mchenga wochuluka moti matope ake akauma, ukawafikisa ndi chala ankayoyoka ngati mgaiwa. Nditanena kuti nyumba yotere singaime dziko litagwedezeka, anandiyankha kuti: "Achimwene, kuno si ku Japan. Mangani, apo ayi tipeze wina." Ndinatenga levulo yanga n'kubwerera kunyumba, ndipo anapezadi wina. Ndinakadandaula ku ofesi ina imene ndinkayesa kuti ingathandize. Anandilandira bwino, anati ndilembe kalata, ndinalemba, koma mpaka lero palibe wapita kukaona. Sabata yatha ndinadutsako. Apaka pulasitala, apenta, bulokoyo ikuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Teremu ikubwerayi m'menemo mulowa ana.

Sukuluyo ndi munthuyo sindiwatchula, chifukwa sali yekha. Inenso ndisabise: zaka zanga zoyambirira ndinamangapo makoma otero posadziwa, ndipo ena mwa makomawo anthu akugonamo mpaka lero. Zimenezi zimandisowetsa tulo.

Mawu akuti "kuno si ku Japan" anandilasa mtima chifukwa ine chivomerezi ndinachimva ndi thupi langa. Mu Marichi 1989 ndinali mnyamata wa zaka 12 kwathu ku Salima. Usiku wa pa 10 tinadzidzimuka ndi mkokomo ngati sitima ya pamtunda ikudutsa pansi pa mphasa. Mapoto anagwa, nkhuku zinachita phokoso m'khola, amayi anakuwa kuti tituluke. Chitseko chinakana kutseguka poti felemu inali itapindika, mpaka bambo anachimenya ndi phewa. Titangofika pabwalo tinamva kugwa kwa gebulo wa nyumba ya amalume. Anagwera m'kati, ndendende pomwe ana awo ankayala mphasa masiku onse. Usiku umenewo anawo anali atagona kwathu. M'mawa kutacha amalume anaima pa mulu wa zidina uja nthawi yaitali osayankhula kanthu. Tinagona panja masiku ambiri, mvula ikutivumba, aliyense akuopa kulowa m'nyumba yake yomwe. Chivomerezi chimenecho chinali cha mphamvu yoposa 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi. Chinapha anthu 9, chinavulaza pafupifupi 100, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Muno mu Lilongwe anthu anachimvanso.

Patatha zaka 20, Karonga inaona zomwezo. Kuyambira pa 6 Disembala 2009 nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza, ndipo chachikulu, cha mphamvu 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, mpaka mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Bingu wa Mutharika, analengeza kuti Karonga yagweredwa ngozi.

Izi sizinangotigwera mwatsoka. Nyanja yathu ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, kuchokera ku Ethiopia kutsetsereka mpaka ku Mozambique. Anansi athu akudziwa. Ku Tanzania, kufupi ndi nyanja ya Rukwa, kunachitika chivomerezi choposa 7 mu 1910. Ku Machaze ku Mozambique kunachitika cha 7.0 mu Febuluwale 2006. Ku Bukoba kunachitika cha 5.9 mu Seputembala 2016 ndipo kunafa anthu. Manambalawa amanyenga, chifukwa munthu amayesa kuti 6 ndi 7 n'zoyandikana. Chivomerezi cha 7 chimatulutsa mphamvu pafupifupi ka 32 kuposa cha 6. Zimene tinaona ku Salima ndi ku Karonga zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene nthaka yathuyi ingathe kuchita.

Tsono madandaulo anga ndi awa.

Loyamba, ndipo ndilo lalikulu: nzeru zilipo, zinabwera kudzera mu mgwirizano ndi maiko ena, koma zimathera m'njira zisanafike kwa ife ogwira njerwa. Chitachitika cha ku Karonga, boma mothandizana ndi Malawi Red Cross, UN-Habitat ndi ena linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba lotchedwa Guidelines for Safer House Construction. Kuyambira cha mu 2017, akatswiri a University of Bristol ya ku Britain ndi a Polytechnic ya ku Blantyre, yomwe pano ndi MUBAS, anagwira ntchito limodzi mu pulojekiti ya PREPARE. Anayendera nyumba zathu, anayesa njerwa zathu ndi matope athu omangira kuti aone polekezera mphamvu zake. Akatswiri a za miyala, kuphatikizapo a nthambi yathu ya Geological Survey ya ku Zomba, analemba mndandanda wa ming'alu ya pansi pa nthaka yoposa 100 imene ingadzetse chivomerezi m'dziko muno ndi m'malire mwake. Umodzi mwa ming'aluyo ndi wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, umene umadutsa m'tsinde mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo akatswiriwo amati ungathe kudzetsa chivomerezi choposa 7. Ntchito yonseyi ndi yabwino, ndipo amene anaigwira ndikuwathokoza.

Koma ine ndinazidziwa bwanji? Mwana wa mchemwali wanga akuphunzira za uinjiniya, ndiye tsiku lina atabwera ku holide anandiwerengera pa foni yake, akumasulira chiganizo ndi chiganizo, ine ndikudya nsima. Zaka zonsezi, pa malo onse amene ndamangapo kuyambira ku Kanengo mpaka ku Area 36, sindinaonepo buku lija m'manja mwa foromani, sindinalionepo m'shopu ya hardware, sindinalionepo m'Chichewa. Amisiri ambiri a m'makwalala muno anaphunzira ntchito ponyamulira matope mmisiri wina, yemwenso anaphunzira chimodzimodzi. Chizungu cha m'mabuku a akatswiri sachimva. Komatu ndi iwowa amene akumanga Mtandire, Mgona, Chinsapo, Kauma ndi Senti. Maphunziro akachitikira mu hotela, opitako amakhala anthu amene sadzagwirapo chingwe ndi levulo, pamene womanga weniweni ali pa sikafodi, sakudziwa n'komwe kuti kunali msonkhano wokamba za khoma lake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zofunika kudziwazo si zovuta. Ndiloleni ndizinene pano, mwina mnzanga wina awerenga. Nyumba ya njerwa ikagwedezeka imayamba kulekana m'makona, makoma n'kumasukirana ngati bokosi lopanda chomangira. Ring beam ndi lamba womanga makoma onse anayi kuti agwedezeke ngati chinthu chimodzi. Kwa wosauka amene konkire ndi zitsulo sangazikwanitse, ngakhale lamba wa matabwa olumikizidwa bwino m'makona amathandiza kuposa kusiya popanda kanthu. Khoma la njerwa imodzi, makamaka likakhala lalitali lopanda khoma lina lolichirikiza, limagwa msanga. Gebulo ndiye woyamba kugwa chifukwa ali pamwamba ndipo palibe chomugwira, choncho ndi bwino kumutseka ndi malata kapena matabwa, kapenanso kumanga denga lotsetsereka mbali zonse zinayi. Windo kapena chitseko chisayandikire pakona. Njerwa zootcha zinyowetsedwe zisanamangidwe, apo ayi zimamwa madzi a m'matope ndipo simenti sigwira. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya. Zonsezi munthu ukhoza kumuphunzitsa tsiku limodzi pa malo omangira, ndipo zina mwa izo siziwonjezera ndi tambala yomwe pa mtengo wa nyumba.

Kuli njira inanso imene amisiri a ku Chile, Peru ndi Mexico amagwiritsa ntchito. Amayamba amanga khoma, n'kusiya mano m'mbali mwake, kenako n'kuthira konkire wa mizati ndi ring beam kuti alume khomalo mbali zonse. Njerwa zake n'zonga zathu zomwezi. Taonani zimene zinachitika mu 2010. Mu Januwale, chivomerezi cha 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti, ena amati oposa 200,000. Mwezi wotsatira, cha 8.8 chinagwedeza Chile ndi mphamvu pafupifupi ka 500 kuposa cha ku Haiti, koma omwalira anali pafupifupi 500. Zifukwa zilipo zingapo, koma chachikulu n'chakuti ku Chile kuli malamulo a kamangidwe ndipo amatsatidwa. Tikamakamba za mgwirizano ndi maiko ena, bwanji osaitana amisiri a kumeneko adzaime nafe pa sikafodi sabata ziwiri?

Dandaulo lachiwiri. Mu Marichi 2015 maiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana ku Sendai m'dziko la Japan za ndondomeko yochepetsera ngozi, yoti igwire ntchito mpaka 2030. Mfundo zake zikuluzikulu ndi zinayi: kuimvetsa ngozi, kukonza utsogoleri wothana nayo, kuika ndalama pa kupewa, ndi kukonzekera kuti ikagwa tithandizane msanga komanso timange bwino kuposa kale. Mwa zolinga zake zisanu ndi ziwiri muli chakuti maiko osauka athandizidwe kwambiri ndi maiko anzawo. Kwathu kuno tinakhala ndi ndondomeko ya dziko ya 2015, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi m'malo mwa lakale lija la 1991. Ndikuyamika. Koma ife akumva pa wailesi timamva za kusefukira kwa madzi, za chilala, za namondwe. Nzoona, zimenezo zimatipha chaka ndi chaka, ndipo sindikupempha kuti muchotseko ngakhale kwacha imodzi. Koma chivomerezi chimakhala chete zaka 20 kapena 30, ndiye chimaiwalika, ndipo m'zaka zachete zimenezo ndi momwe timamanga makoma amene chidzagwetse. Mvula imaonekera mitambo, a zanyengo amatichenjeza kudakali masiku. Chivomerezi palibe katswiri pa dziko lonse amene angatchule tsiku lake. Kukonzekera kwake konse kuyenera kuchitika chisanabwere. Chaka cha 2030 chili pakhomo. Tidzanena kuti pa chivomerezi tinachitapo chiyani?

Wina anena kuti Lilongwe ili pamtunda, kutali ndi chigwa cha nyanja. Nzoona, chiopsezo chathu n'chocheperapo poyerekeza ndi Karonga, Salima kapena Mangochi. Koma ku Salima ndi ku Mtakataka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha, ndipo chivomerezi chachikulu chimagwedeza kutali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mu mzinda uno, ambiri akukhala m'madera amene nyumba zimamangidwa popanda pulani. Masiku ano kukumeranso nyumba zosanjikizana ku Old Town ndi m'malo ena amalonda, zina pansi pake pali mashopu a magalasi okhaokha, mizati yowonda itasenza zipinda ziwiri kapena zitatu pamwamba. Ku Turkey ndi Syria, kumene chivomerezi cha 7.8 chinapha anthu oposa 50,000 pa 6 Febuluwale 2023, nyumba zambiri zamtundu umenewu zinangokhala pansi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuwonjezera apo, Salima kapena Dedza itagweredwa, ovulala adzathamangira nawo kuno ku Kamuzu Central. Thandizo lidzachokera kuno. Lilongwe ikagwa nawo, wodzutsa mnzake adzakhala ndani?

Dandaulo lachitatu ndi la kuyendera zomangamanga. Khoma likapakidwa pulasitala, palibe angadziwe za m'kati mwake. Woyendera akabwera nyumba itatha, wabwera kudzaona penti. Nthawi yake ndi pamene zitsulo zili poyera, konkire asanathiridwe. Pa ntchito zambiri zimene ndagwirapo, pa nthawi imeneyo sipabwera munthu.

Lachinayi likukhudza anansi athu. Mng'alu wa pansi pa nthaka sudziwa za chipata cha Songwe, Mchinji kapena Dedza. Mwana wa mchemwali wanga uja anandifotokozera kuti pofuna kudziwa pomwe chivomerezi chayambira pamafunika makina osachepera atatu, ndipo zimayenda bwino makinawo akazungulira malowo mbali zonse. Dziko lathu ndi lalitali koma lowonda ngati lamba, ndiye makina athu okha amakhala ngati andanda pa mzere umodzi. Kuti tidziwe msanga ndi molondola, tikufunika makina a ku Zambia chakumadzulo, a ku Tanzania ndi Mozambique chakum'mawa, ndipo iwonso akufunika athu. Mutu umodzi susenza denga. Mgwirizano wa akatswiri wa AfricaArray unaonetsa kale kuti maiko a mu Africa angathe kugawana zoyeza zotere. Nkhawa yanga ndi imene aliyense wogwirapo ntchito za mapulojekiti amaidziwa: alendo amabweretsa makina, pulojekiti imatha, batire likafa kapena sola ikabedwa, ndalama yokonzera imasowa. Mgwirizano usamathere tsiku lopereka makiyi.

Lachisanu ndi la kupulumutsa anthu. Tonse tinaona mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anthu a ku Chilobwe akufukula abale awo ndi makasu ndi manja. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko muno, enanso mazana sanapezeke. Tanzania ndi Zambia anatitumizira ndege, Britain inatumiza gulu lake lopulumutsa anthu, ndipo tinathokoza. Koma munthu wopanikizidwa ndi khoma sangadikire masiku. Ku Kobe m'dziko la Japan, mu Januwale 1995, ambiri mwa amene anatulutsidwa amoyo m'zigumuka anatulutsidwa ndi abale ndi anansi awo, magulu a boma asanafike. Ngati zinali choncho ku Japan, kuli bwanji ku Mgona, kumene tinjira tina galimoto yozimitsa moto singadutse? Pa dziko lonse pali bungwe la INSARAG, limene linakhazikitsidwa mu 1991 kuti magulu opulumutsa anthu a maiko osiyanasiyana azigwira ntchito mwa njira imodzi. SADC nayo ili ndi likulu lake la zangozi ku Nacala ku Mozambique. Zipata zimenezi zilipo. Ndikufuna kudziwa ngati tsiku limenelo gulu la alendo litatera pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi agalu onunkhiza, makina odulira konkire ndi mankhwala, lidzadutsa ola lomwelo, kapena lidzayamba ladikira zikalata anthu akubuula pansi pa zigumuka.

Lomaliza ndi la ana athu. Mdzukulu wanga ali sitandade 4. Ndinamufunsa zimene angachite nthaka itagwedezeka ali m'kalasi, anangondiyang'ana. Ku Japan tsiku la 1 Seputembala chaka chilichonse ndi lokonzekera ngozi, pokumbukira chivomerezi cha 1923 chimene chinasakaza Tokyo. Kumeneko ndi kwina ana amaphunzitsidwa kugwada, kubisala pansi pa desiki ndi kugwiritsa miyendo yake. Malangizo abwino, koma tisangowakopera. M'kalasi mwa mdzukulu wanga ana ambiri amakhala pansi, madesiki ndi owerengeka, ana ndi ochuluka, khomo ndi limodzi ndipo chitseko chimatsegukira m'kati. Mwana ameneyo abisale pati? Athawe kapena akhale? Yankho lake likufunika akatswiri athu akhale pansi ndi akunja, atalowa kaye m'kalasi yeniyeni ya ku Lilongwe.

Choncho, akuluakulu, modzichepetsa koma mosabweza mawu, ndikupempha izi:

1. Malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba apezeke m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chinkhonde, okhala ndi zithunzi zambiri kuposa mawu. Apezeke m'mashopu ogulitsa simenti ndi malata, m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kwa makhansala ndi kwa mafumu a m'mataunimu. Maphunziro ake azichitikira pa malo omangira, ndi njerwa zenizeni, ndipo mmisiri amene waphunzira apatsidwe kachiphaso koti mwini nyumba azitha kufunsa asanam'patse ntchito.

2. Pangano lililonse la kafukufuku kapena thandizo la zivomerezi limene boma likusainirana ndi maiko kapena mayunivesite akunja likhale ndi mfundo yakuti zotsatira zake zibwerere kwa anthu a m'dera limene anafufuzamo, m'chiyankhulo chawo. Zoyeza zonse zisungidwenso ku Zomba, ndipo ana a Chimalawi aphunzitsidwe mpaka athe kuyendetsa okha ntchitoyo alendo akapita.

3. Masukulu, zipatala, misika ndi nyumba zopemphereramo za mu mzinda uno ziyenderedwe ndi mainjiniya, kuyambira ndi Kamuzu Central, Bwaila, milatho ndi matanki a madzi, ndipo zimene apezazo zilengezedwe poyera. Zofooka zilimbitsidwe motsatana ndi kuchuluka kwa miyoyo imene ili m'katimo. Buloko ya makalasi yatsopano, ya boma kapena ya munthu, isatsegulidwe ngati woyendera sanaone ring beam ndi maso ake pulasitala asanapakidwe.

4. Makina oyezera zivomerezi akhale ndi ndalama yake yowasamalira mu bajeti ya chaka chilichonse, ndipo boma likambirane ndi Tanzania, Zambia ndi Mozambique kuti zoyeza zizigawidwa nthawi yomweyo.

5. Ozimitsa moto, asilikali, apolisi ndi a Red Cross aphunzitsidwe kufukula anthu m'nyumba zakugwa motsatira njira za INSARAG, ndipo kamodzi pa zaka zingapo ayeserere limodzi ndi anzawo a maiko oyandikana nafe. Ndondomeko yolandirira magulu akunja pa bwalo la ndege ndi m'zipata ikonzedwe panopa. M'dera lililonse mukhale kagulu ka anthu ophunzitsidwa, kokhala ndi migwala, mafosholo, majeki ndi machira. Ife amisiri tilipo, timadziwa khoma loti likhoza kugwanso ndi loti munthu angalowe pansi pake. Tigwiritseni ntchito.

6. Sukulu iliyonse iziyeserera kamodzi pa teremu, ndi malangizo ogwirizana ndi makalasi athu. Zitseko za makalasi zizitsegukira kunja, imeneyo ndi ntchito ya kalipentala ya tsiku limodzi. Pa 13 Okutobala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za kuchepetsa ngozi, chivomerezi chizitchulidwa nawo pa wailesi.

7. Aphungu athu, chaka chilichonse funsani boma lifotokoze m'Nyumba ya Malamulo pomwe tafika pa zimene tinalonjeza ku Sendai, ndalama zimene zabwera kuchokera kunja, ndi gawo limene lapita pa kupewa osati pa kugawa mabulangete ngozi itachitika. Yankholo limveke m'Chichewa.

Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi loperewera, ndipo mavuto okudikirani pa tebulo ndi ambiri. Ndikudziwanso kuti mtengo wa simenti ndi zitsulo wafika poti munthu wamba amasankha pakati pa ring beam ndi fizi ya mwana. Sindikumuweruza munthu ameneyo, ndimakhala naye, ndimamumangira. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pokambirana ndi abwenzi athu akunja muziikapo nkhani ya nyumba ya munthu wosauka, ya njerwa zootcha ndi matope, chifukwa ndi mmene Amalawi ambiri amagona. Ku Morocco mu Seputembala 2023 anthu pafupifupi 3,000 anafa, ambiri a iwo m'midzi ya m'mapiri, m'nyumba za dothi ndi miyala zosasiyana kwenikweni ndi za kwathu.

Kwa amisiri anzanga amene muwerenge kalatayi kapena wina akuwerengereni: mwini nyumba akakana ring beam, mufotokozereni kawiri, katatu, mumuonetse pakona pomwe idzayambire kung'aluka. Kwa makolo: pitani pa sukulu ya mwana wanu mukafunse a komiti kuti buloko yatsopanoyo anaiyendera ndani isanapakidwe pulasitala.

Ndipo kwa inu akuluakulu, za buloko ija ndatchula poyamba, kalata yanga ili ku ofesi kuja, ndipo dzina langa ndi la sukuluyo zili momwemo. Mukatuma injiniya, ine ndidzamuperekeza. Abwere ndi nyundo yaing'ono ndi tchizulo, tikatokose pulasitala pamwamba pa windo la pakona, aone yekha. Teremu isanatsegulidwe nthawi ikadalipo yochotsa malata, kutsitsa gebulo, kuthira ring beam ndi kukhomanso denga. Ndi amisiri asanu, ntchito imeneyo singapitirire sabata zitatu.

Ine wanu mwaulemu,
Mmisiri womanga nyumba,
Area 25, Lilongwe